Phungu amasankhidwa, koma ntchito yake ndi yochita kuphunzira

Palibe sukulu imene munthu amapitako kuti akhale phungu. Mavoti akawerengedwa, mphunzitsi, mlimi, wamalonda kapena loya amalumbira, ndipo posakhalitsa amamuikira patsogolo mabuku a bajeti a masamba mazanamazana kuti avomereze kapena akane. Anthu anamusankha poti amamukhulupirira, inde, koma chikhulupiriro chawocho sichingamuwerengere bilu ndime ndi ndime.

N'chifukwa chake nyumba za malamulo zambiri zimakonzera aphungu atsopano maphunziro. Amaphunzira malamulo oyendetsera zokambirana, kalembedwe ka funso lopita kwa nduna, ndi njira imene bilu imayenda kuchokera pa kuwerengedwa koyamba, kudzera kukomiti, mpaka kuvomerezedwa. Ku America, yunivesite ya Harvard yakhala ikuphunzitsa aphungu atsopano a Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, kuyambira 1972. Mabungwe ogwirizanitsa nyumba za malamulo za m'mayiko osiyanasiyana, Inter-Parliamentary Union, lomwe linayamba mu 1889, ndi Commonwealth Parliamentary Association, lomwe mizu yake ndi ya mu 1911, amathandizanso pa ntchitoyi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi nthawi yake. Kawirikawiri zonse zimapanikizidwa m'masiku oyambirira, phungu asanadziwe n'komwe komiti imene akakhalemo. Kumufotokozera za ngongole za boma pa nthawi ngati imeneyo ndi kutunga madzi ndi dengu. Phunziro la bajeti lizibwera bajeti itayandikira. La kufunsa mboni lizibwera komiti ikukonzekera kuitana akuluakulu a unduna. Munthu wamkulu amagwira msanga chinthu chimene akachigwiritse ntchito mawa.

Komabe kwa ine nkhani yaikulu ili pa anthu amene sitiwaona pa wailesi ya kanema: alembi a makomiti, ochita kafukufuku, olemba mabilu ndi olemba Hansard, buku losunga zonse zoyankhulidwa m'nyumba ya malamulo. Aphungu amabwera n'kupita ndi chisankho. Awa amatsala, ndipo ndi amene amakumbukira zimene nduna inalonjeza zaka zitatu zapitazo.

Taganizirani komiti younika ndalama za boma. Mkulu wa unduna amabwera ndi akatswiri ake ndi ziwerengero zake. Ngati mlembi wa komitiyo sadziwa kuwerenga lipoti la mkulu wofufuza kayendetsedwe ka chuma cha boma, aphungu amafunsa mafunso apamwambamwamba, mlendoyo n'kuyankha zimene wafuna, msonkhano n'kutha. Koma mlembi wophunzitsidwa bwino amakhala atawakonzera kale tsamba limodzi: ndalama zinavomerezedwa zingati, zinatuluka zingati, ziphaso zikusowa pati. Funso limodzi lochokera pa tsamba lotere limaposa kukalipa kwa ola lathunthu.

Kudalira ziwerengero za boma lomwe ukuliyang'aniralo n'koopsa. Congress inaona zimenezi ndipo mu 1974 inakhazikitsa ofesi yakeyake ya bajeti, Congressional Budget Office. Uganda inachita chimodzimodzi mu 2001, Kenya mu 2007. Koma ofesi yotere si zipinda ndi makompyuta ayi. Imafuna anthu odziwa kuyerekeza misonkho imene ingatoleredwe ndi kuwerengera mtengo wa lamulo lisanadutse, ndipo luso limeneli limatenga zaka.

Palinso china chimene ambiri sadziwa kuti chimaphunzitsidwa: kusakondera. Wochita kafukufuku amatumikira phungu wa boma m'mawa, wotsutsa boma masana, ndipo sayenera kuulula kwa wina zimene mnzake wafunsa. Akangoterereka kamodzi, mbali ina imasiya kumukhulupirira, ntchito yake n'kufera pomwepo.

Ndiye ndalama za maphunzirowa zizikhala m'bajeti ya nyumba ya malamulo yomweyo chaka ndi chaka, osati kudikira wothandiza wakunja amene amabwera ndi mitu yakeyake. Ndipo wogwira ntchito akaphunzira, pazikhala njira yomukwezera pa udindo ndi malipiro. Kupanda apo, banki kapena bungwe lina limutenga, komiti n'kuyambiranso kuphunzitsa mlembi watsopano bajeti ili pakhomo.