Mtovu wa m'dothi la ku Kabwe: zimene makolo ayenera kudziwa

Mgodi wa mtovu (chitsulo chapoizoni chimene pa Chingerezi amati lead) ndi zinki wa ku Kabwe m'dziko la Zambia, umene kale unkatchedwa Broken Hill, unatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito kwa zaka pafupifupi 90. Utsi wa m'ng'anjo zake unasiya mtovu m'dothi la madera oyandikana nawo monga Chowa, Kasanda, Makululu ndi Mutwe Wansofu, ndipo chimulu cha zinyalala za mumgodi chimene anthu amachitcha Black Mountain chikadali pomwepo, mphepo n'kumauluza fumbi lake kupita m'makomo. Mtovu suwola, choncho umakhalabe m'dothi mpaka munthu atauchotsa kapena kuukwirira.

Ana osapitirira zaka 5 ndi amene ali pachiopsezo chachikulu chifukwa amakwawa pansi, amaika zala m'kamwa, komanso matupi awo amayamwa mtovu wochuluka kuposa a akuluakulu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ndi wosavulaza. Chovuta n'chakuti mwana akhoza kuoneka wathanzi pamene ubongo wake ukuwonongeka pang'onopang'ono, ndipo makolo amadzazindikira mwanayo atayamba sukulu kuti akuvutika kugwira zimene aphunzitsi akunena. Mtovu ukachuluka, mwana amadandaula m'mimba, amadzimbidwa, safuna kudya, magazi amachepa, ndipo nthawi zina amakomoka. Mayi woyembekezera amapatsira mtovu mwana wosabadwa, ndipo akhoza kupita padera kapena kuchira masiku asanakwane.

Njira yokhayo yodziwira ndi kuyezetsa magazi kuchipatala. Malangizo a WHO amati mlingo ukafika mamaikirogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi, afufuze kumene mtovuwo ukuchokera ndi kuuthetsa, ndipo mlingo wa mwana wamng'ono ukafika mamaikirogalamu 45 apatsidwe mankhwala okoka mtovu m'thupi, monga succimer. Mankhwalawa amatsitsa mlingo m'magazi koma sabwezeretsa ubongo umene wawonongeka kale, ndipo mwana akabwerera kukasewera pabwalo lomwe lija, mtovu umakweranso.

N'chifukwa chake kuyeretsa malo ndi mbali yaikulu ya chithandizo, ndipo ndi ntchito imene banja silingathe palokha. Pamafunika kufukula dothi la pamwamba, kuthira dothi labwino, kubzala udzu kapena kuyala njerwa pabwalo, kukonza ngalande yodutsa m'makomboni, komanso kuphimba chimulu cha zinyalala kuti fumbi lisiye kubwera. Mu December 2016 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomera ngongole ya madola pafupifupi 65 miliyoni ku boma la Zambia yokonzera malo owonongedwa ndi migodi ku Kabwe ndi ku Copperbelt, ndipo kudzera mu ndalamazi ana ambiri anayezedwa ndi kulandira mankhwala, mabwalo ena anakonzedwa. Komabe bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch lakhala likudandaula kuti gwero la fumbilo silinathetsedwe, ndipo dandaulo limeneli ndi lomveka, pakuti kukonza bwalo chimulucho chili chosaphimba kuli ngati kukolopa m'nyumba denga likudontha.

Podikira ntchito ya boma, pakhomo pali zoti zichitike tsiku ndi tsiku. Sambitsani ana m'manja ndi sopo asanadye ndiponso asanagone, ndipo muziwawenga zikhadabo. Musasese pouma: wazani madzi kaye, ndipo m'nyumba mukolope ndi nsanza yonyowa, osaiwala m'mawindo momwe fumbi limaunjikana. Khanda muliyalire mphasa m'malo moliika padothi. Amayi oyembekezera asadye dothi, ngakhale logula kumsika. Amene amakatola miyala ku chimulu asapite ndi ana, ndipo asambe ndi kusintha zovala asananyamule mwana, zovalazo azichape padera. Ndiwo zamasamba zitsukidwe bwino, ndipo dimba likhale la dothi lochokera kwina, lothiridwa m'matumba. Dziwaninso kuti kuwiritsa madzi sikuchotsa mtovu.

Mwana wanjala amayamwa mtovu wochuluka, choncho azidya pafupipafupi, makamaka kapenta wodyera limodzi ndi minga yake, nyemba, mazira, mkaka ndi zipatso monga magwafa ndi malalanje. Mwana amene wayamba mankhwala amalize monga adokotala anenera ndipo abwererenso kukayezetsa pa tsiku limene apatsidwa, ngakhale akuoneka kuti ali bwino.