Chotupa cha m'bere: chifukwa chake a dokotala amadula kachidutswa kukayeza

Amayi ambiri akamva kuti a dokotala akufuna kudula kanyama pa chotupa cha m'bere, sabwereranso kuchipatala. Kumudzi amauzana kuti chotupa chikakhudzidwa ndi mpeni kapena singano chimakwiya n'kufalikira thupi lonse. Mantha amenewa ndi omveka, chifukwa ambiri tinaonapo wachibale atadulidwa kenako n'kumwalira. Koma kawirikawiri munthuyo anafika kuchipatala matenda atafalikira kale, singano isanamukhudze. Kuyeza sikufalitsa khansa.

Zotupa zambiri za m'bere si khansa ayi, makamaka kwa atsikana. Vuto n'lakuti dzanja la dokotala silingasiyanitse bwinobwino chotupa wamba ndi khansa, ngakhale sikani imangopereka chithunzi. Chomwe chimanena zoona ndi kachidutswa ka mnofu, komwe achipatala amati biopsy.

Amayamba ndi jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, kenako amalowetsa singano yomwe imatulutsa tizidutswa tochepa ngati ulusi. Simugonekedwa, mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Tizidutswato amatiika mwamsanga m'madzi a formalin kuti tisawole, ndipo ku labotale amatiumitsa mu phula, kutisenga mopyapyala kwambiri, kutipaka utoto, n'kutiona pa maikulosikopu. Ntchito yonseyi imatenga masiku, ndipo ngati kachidutswa kachokera kuchipatala cha boma chakutali, ulendo wake umaonjezera nthawi. Labotale ya pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe inayamba kugwira ntchitoyi mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina, ndipo zoyezedwa zovuta amakambirana ndi akatswiri a kunja potumizirana zithunzi pa intaneti. Ku Blantyre nakonso kuli akatswiri oyeza minofu.

Pepala la zotsatira silingonena kuti "khansa ilipo" kapena "palibe". Khansa ya m'mawere ili m'mitundu ingapo, ndipo mankhwala othandiza mayi wina akhoza kukhala opanda ntchito kwa mnzake. N'chifukwa chake amafufuzanso zizindikiro zitatu pa maselo a khansayo.

Ziwiri zoyamba amazilemba ER ndi PR. Zikapezeka, ndiye kuti khansayo imakula chifukwa cha mahomoni a m'thupi la mayi, makamaka estrogen. Imeneyi ndi nkhani yolimbikitsa, chifukwa pali piritsi la tamoxifen lomwe limatsekereza homoniyo kuti isadyetse khansa. Limamwedwa kamodzi patsiku kwa zaka 5 kapena kuposerapo, ndipo kafukufuku wa amayi zikwizikwi anaonetsa kuti limachepetsa imfa za khansa ya mtundu umenewu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Zaka 5 n'zambiri, ndipo ena amasiya akangomva bwino. Musasiye. Likakupatsani kutentha thupi ndi thukuta, auzeni a nesi. Mukaona mwendo ukutupa ndi kupweteka, kapena magazi akutuluka kumaliseche mosayembekezera, pitani kuchipatala msanga. Musatenge mimba muli pa mankhwalawa.

Chizindikiro chachitatu ndi HER2, chomwe chimapezeka mwa amayi 15 mpaka 20 pa 100 alionse odwala khansayi. Khansa yotere imakula mofulumira, ndipo mankhwala ake enieni ndi trastuzumab, omwe ndi odula kwambiri moti sapezeka mosavuta. Zizindikiro zonse zitatu zikapanda kupezeka, tamoxifen sathandiza, ndipo chithandizo chimadalira opaleshoni ndi kemo, mankhwala a m'diripi aja.

Chomwe chikutipweteka kwambiri kuno n'kuchedwa. Kafukufuku wa ABC-DO, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anatsatira amayi odwala khansa ya m'mawere oposa 2,000 ku Zambia, Namibia, Nigeria, Uganda ndi South Africa. Patatha zaka 3, theka lokha ndi lomwe linali moyo. Zifukwa zikuluzikulu zinali kufika matenda atakula ndi kusalandira chithandizo chokwanira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mu ndondomeko yake yomwe inakhazikitsidwa mu 2021, limati mayi adziwe chomwe akudwala pasanathe masiku 60 kuchokera tsiku lomwe waonekera koyamba kuchipatala.

Choncho musadikire kuti chotupa chiyambe kupweteka, popeza khansa ikamayamba nthawi zambiri sipweteka. Pitani mukaona chotupa cholimba m'bere kapena m'khwapa, nsonga ya bere italowa mkati, magazi akutuluka kunsonga, khungu litachita timaenje ngati khoko la lalanje, kapena chilonda chosapola. Woyamwitsa amene bere lake latupa ndipo silikusintha atamaliza mankhwala abwererenso. Abambo nawonso amadwala khansayi, ngakhale ndi ochepa.

Tsiku lodula kachidutswa, funsani tsiku lodzamva zotsatira, alembe m'kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo siyani nambala ya foni yomwe imagwira. Tsikulo likafika zotsatira zisanabwere, funsani lina, musangokhala kunyumba. Podzamva tengani m'bale wanu kapena mnzanu woti akuthandizeni kukumbukira, ndipo afunseni a dokotala kuti: "Kodi ndi khansa? Yafika siteji yanji? Nanga ER ndi HER2 mwayeza?"