Kubwezera bass m'madzi sikutanthauza kuti yapulumuka

Zaka zonsezi anthu akhala akunena kuti mipikisano yowedza nsomba za bass ku America siipha nsomba, poti akaziyeza pasikelo amazibwezera m'madzi. Ndatopa kumva zimenezi, ndipo ndikupempha kuti tisamafalitse nkhani tisanaitsimikize.

Kawirikawiri wopikisana amaloledwa nsomba zisanu, ndipo zimakhala maola ambiri m'thanki ya m'boti. Madzi akatentha, mpweya umachepa m'menemo. Nsomba imatha kusambira bwinobwino poimasula, n'kukafa patapita masiku, anthu atabalalika kale. Chilango chimene okonza mpikisano amapereka kwa wopikisana pa nsomba yofika pasikelo itafa sichiwerengera imfa zoterezi. Nsomba zambiri zimapulumukadi, makamaka nyengo yozizira, koma osati zonse.

Werengani malamulo a mpikisano uliwonse wotere. Funsani okonza ngati amazilondola nsombazo zikamasulidwa, ndipo muyerekeze yankho lawo ndi zomwe ofufuza za usodzi analemba.