Tiki yomwe inagawa nduna za Kamuzu

Achinyamata a lero sayidziwa tiki. Inali kandalama ka mapeni atatu, kopepuka moti ukakataya mumchenga umangokasiya. Koma mu Ogasiti 1964, dziko la Malawi lisanathe miyezi iwiri likudzilamulira, kandalama kameneka kanali pakamwa pa nduna ku Zomba. Boma linali litalamula kuti wodwala aliyense wopita kuchipatala cha boma azilipira tiki. Anthu kumudzi anafunsa kuti, kodi ufulu tinkavinira uja ndi umenewu?

Mkangano weniweni unali wokulirapo. Nduna zinkadandaula kuti azungu akadali m'mipando yonona m'boma, kuti lipoti la Skinner lafinya malipiro a ogwira ntchito m'boma achikuda, ndiponso kuti Dr Banda akugwirana chanza ndi Apwitikizi a ku Mozambique kwinaku akukana thandizo la ndalama lochokera ku China. Chinkawawa kwambiri n'chakuti pamisonkhano ankazitchula kuti "anyamata anga". Tangoganizani, munthu ngati Orton Chirwa, loya wophunzira ku London, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo (Gweru ya lero, ku Zimbabwe), akumutcha mnyamata pamaso pa mbumba.

Chomvetsa chisoni, mwinanso choseketsa pang'ono, n'chakuti mpando umene unawapsinjawu anaukhoma okha. Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume ndi amene analimbikira kuti dokotala wachikulire uja abwere kwawo, poona kuti akuluakulu a m'midzi sangamvere anyamata a zaka makumi awiri ndi mphambu. Ankafuna imvi. Kamuzu atatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958, anali atamukonzera kale njira ngati mpulumutsi. Ku Nkhata Bay mu Ogasiti chaka chomwecho anamupatsa utsogoleri wa Nyasaland African Congress, chipani chawo cha nthawiyo, pamodzi ndi mphamvu yoti adzisankhire yekha komiti yake. Ku Nkhotakota mu 1960 anamuika kukhala mtsogoleri wamuyaya wa Malawi Congress Party. Aliyense wofunsa mafunso masiku amenewo ankatchedwa kapirikoni, kutanthauza wogulitsa mtundu kwa azungu, ndipo anyamata omwewa sankamumvera chisoni. Ine ndimaona kuti ankaganiza kuti akusema chidole choti azichinyamula pamisonkhano. Anaiwala kuti munthu ukamuuza tsiku ndi tsiku kuti salakwa, amayamba kukukhulupirira.

Pa 26 Ogasiti 1964 nduna zinamuuza maso ndi maso madandaulo awo. Kamuzu anaoneka ngati wafewa, ndipo zinatuluka zikuyesa kuti zapambana. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pa 7 Seputembala anachotsa Chiume, Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawo, Chipembere naye anachita chimodzimodzi atangobwera kuchokera ku Canada. John Msonthi anatula pansi, kenaka n'kubweza mawu ake pasanapite nthawi.

Nyumba ya malamulo itakumana pa 8 ndi 9 Seputembala, aphungu amene dzulo lake ankagwadira nduna zija anaimirira mmodzimmodzi kuzinyoza. Mipando inali itatsala yopanda eni, ndipo aliyense ankaiona. Ngakhale nduna zochotsedwazo zinalankhula zolemekeza Kamuzu m'nyumbamo, chifukwa chilankhulo china cha ndale chinali chisanapangidwe. Iwo omwe anali atathandiza kuchikwirira.

Zotsatira zake zimadziwika. Chiume anakhala zaka 30 kunja. Yatuta anaphedwa mu 1967 atalowa ndi mfuti cha ku Mwanza. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya wa dziko mu 1971.

Chipembere anayesa njira yake mu Febuluwale 1965. Anachoka ndi gulu lake ku Fort Johnston, Mangochi ya lero, usiku, kulunjika ku Zomba kuti akagwetse boma. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni yowolotsera anthu pa Shire ili tsidya lina, ndipo ulendo unathera pomwepo. Anamwalira ku America mu 1975. Pa Liwonde pano pali mlatho, magalimoto amangodutsa osaima, ndipo dzina lake ndi Kamuzu Barrage.