REF Siikakamiza Ofufuza Kulipira Magazini

Ofufuza ena m'mayunivesite a ku Britain amaganizabe kuti nkhani yawo singawerengedwe pa REF, kauniuni wa dziko lonse wa ntchito za kafukufuku, pokhapokha atalipira magazini kuti anthu aiwerenge mwaulere. Si choncho.

Malamulo a REF 2021 ankafuna kuti nkhani za m'magazini zovomerezedwa kuti zisindikizidwe kuyambira pa 1 April 2016 ziikidwe m'nkhokwe ya pa intaneti ya yunivesite kapena ya phunzirolo, monga arXiv. Kuyambira April 2018, izi zinayenera kuchitika pasanathe miyezi 3 magazini itavomera kusindikiza nkhaniyo. Choikidwa chinali chikalata chomaliza cha wolemba, akatswiri atachiunika koma magazini isanachikonze ndi kuchisindikiza. Palibe cholipira pamenepo. Magazini inkaloledwa kuchibisa kaye mpaka miyezi 12 pa sayansi ndi zaumoyo, kapena 24 pa maphunziro a chikhalidwe ndi luso.

Ena ankaphonya pa tsiku. Ankadikira kuti nkhani ituluke, osadziwa kuti pa REF 2021 nthawi inkayamba kuwerengedwa pa tsiku limene magazini inavomera kusindikiza nkhaniyo. Ena amaika nkhani zawo pa ResearchGate, tsamba la pa intaneti la ofufuza, lomwe siliwerengedwa ngati nkhokwe. Mabuku sanali m'lamuloli.