Ouma mtima a pa Yesaya 46 anali ndani?

Mwezi watha tinali pamaliro ku Rosettenville, mu Joni, m'galaja ya nyumba ina, mipando ya pulasitiki itandandalika mpaka kugeti. Malemuwo anali mtchona weniweni. Anabwera ku Joni nthawi ya Theba, ndipo chilowereni kumigodi, kwawo ku Ntcheu sanapondekonso. Kutchalitchinso sankaoneka. Mbale ya chipepeso ikuyenda kuti thupi lipite kumudzi, mkulu wina wa mpingo anaimirira, n'kutsegula Yesaya 46:12, "Mverani Ine, inu ouma mtima," basi n'kutseka Baibulo. Akuti wokana Mulungu ali moyo asamavutitse anthu atafa. Mayi wina kumbuyo anayankha motsitsa mawu: "Bambo, tawerenganinso vesi lotsatiralo." Mkangano unabuka pomwepo, ndipo pagulu lathu la WhatsApp sunazilalebe.

Ine ndili kumbali ya mayiwo, ndipo chondipangitsa ndi mbiri ya mawuwa.

Anthu oyamba kuwamva anali kudziko la eni ngati ifeyo. M'chaka cha 597 Yesu asanabadwe, Nebukadinezara anatenga mfumu Yehoyakini, akuluakulu, amisiri ndi osula zitsulo kupita nawo ku Babulo. Patatha zaka pafupifupi khumi asilikali ake anatentha kachisi ndi kugwetsa malinga a Yerusalemu. Yeremiya analembera andendewo kalata kuti amange nyumba, alime minda, akwatire, ndipo apempherere mzinda wa adani awowo. Anachitadi zimenezo. Timapale tadongo tolembedwa m'mudzi wotchedwa Al-Yahudu timaonetsa Ayuda akulima, akubwereketsana ndi kukhoma msonkho. Ana anabadwira komweko. Amene ali ndi mwana wodziwa Chizulu kuposa Chichewa akumvetsa zomwe ndikunena.

Chaka chilichonse chikamayamba, ankaonerera milungu ya eni dziko ikuzungulitsidwa mumzinda. Beli, yemwe ndi Marduk, ankanyamulidwa ndi ulemu waukulu, ndipo fano la mwana wake Nebo linkachokera ku Borsippa kudzakhala nawo pamwambowo. N'chifukwa chake mutu 46 umayamba ndi awiriwa: aweramira pansi, asanduka katundu wolemetsa nyama zotopa kale. Kenako Mulungu akuuza anthu ake kuti ndi Iye wawanyamula kuyambira m'mimba, ndipo adzawanyamulabe mpaka imvi. Mawu amenewa ndikawawerenga ndimaona mayi atabereka mwana kumbuyo pamzere wa matakisi ku Bree, pakati pa mzinda wa Joni, mwanayo akulira ndi kuponda, koma mbereko osamasuka.

Nanga kuuma mtima kwawo kunali pati? Anthuwa ankalira usana ndi usiku kuti awomboledwe, koma ankayembekezera mfumu ya fuko la Davide. Mulungu anatchula munthu wina, Koresi mfumu ya ku Perisiya, mbalame yolusa yochokera kum'mawa, monga vesi 11 likunenera. M'mutu 45 akumutcha wodzozedwa wake, ngakhale akunena yekha kuti Koresiyo samudziwa. Taganizani, dzina lopatulika lija kupatsidwa kwa wakunja wosadulidwa. Mutu womwewo ukudzudzula dongo lomwe likufunsa woumba kuti akupanga chiyani. Ouma mtimawo anali anthu opemphera, amene ankafuna kusankhira Mulungu khomo lolowera.

Ndiye vesi 13 lija mayi ankalifuna. Mulungu sakuti mukafewa ndibwera. Akuti chilungamo chake akuchibweretsa pafupi ndi iwo omwe ali kutali nacho, chipulumutso chake sichichedwa, achiika m'Ziyoni. Mu 539 Yesu asanabadwe, Koresi analanda Babulo, ndipo posakhalitsa analola Ayuda kubwerera kukamanga kachisi, n'kubwezanso ziwiya zomwe Nebukadinezara anafunkha. Buku la Ezara limawerenga anthu 42,360 amene anapita.

Ambiri sanapite. Anali ndi minda, mabizinesi ndi manda a makolo awo kumeneko. Amenewo ndi machona a m'Baibulo, ndipo Mulungu sanawataye. Estere, amene anapulumutsa mtundu wonse, anali wa banja lotsalira. Nehemiya anali pantchito yoperekera chikho kwa mfumu ku Susani, ndipo kuchokera pantchito yomweyo ndi pomwe anapeza makalata ndi matabwa okamangira zipata za Yerusalemu. Zimandipweteka kumva vesi lomwe linatumizidwa kukatonthoza anthu otere likusanduka chikoti chokwapulira mtembo wa munthu amene sangayankhe.

Mkulu uja ndimamulemekeza, wanyamula maliro ambiri kuno, ndipo kutopa kwake n'koona. Tsiku lija vesi 13 sanaliwerenge. Mbale inayendanso kachiwiri madzulo, ndipo ndalama zochuluka zinachokera kwa mnyamata wa ku Somalia wa spaza, kagolosale ka pakona, yemwe malemu ankamukonzera maloko kwa zaka zambiri. Lachisanu lake bokosi linanyamuka pa ngolo ya kumbuyo kwa galimoto, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, ndipo anakaikidwa pafupi ndi mayi awo.