Mkangano wa Mappleton: Mpanda wa Miyala Umene Unasamutsa Vuto

Gombe la Holderness, kum'mawa kwa England, ndi lotalika makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Flamborough Head kukafika ku Spurn. Nyanja imadya mtunda wake mamita pafupifupi 2 chaka chilichonse. Ku Flamborough kuli thanthwe la choko, ndipo mafunde amangolibowola mapanga pang'onopang'ono. Kummwera kwake kulibe thanthwe. Kuli dongo losakanikirana ndi nsangalabwi, limene madzi oundana anasiya atasungunuka zaka zikwizikwi zapitazo.

Dongoli limagwa motere: mvula ikalowa m'ming'alu ya pamwamba pa phompho, dothi limalemera n'kuyamba kuterera. Mafunde ochokera kumpoto chakum'mawa amakumba m'munsi mwake, kenako chigamphu chonse chimatsetsereka, udzu ndi waya wa mpanda zili pomwepo. Dongo losalala limatengedwa kupita pakati pa nyanja, ndipo mchenga wotsala pagombe ndi wochepa. Poti mafunde amafika chopendekera n'kubwerera molunjika, mchengawo umasendezedwa chakummwera tsiku ndi tsiku. Ndi umenewu umene unamanga Spurn, kamtunda kopyapyala ka makilomita oposa 5 pa matsiriro a mtsinje wa Humber.

Midzi yoposa 20 inamira kale. Doko la Ravenser Odd, limene linkatumiza aphungu ku Nyumba ya Malamulo cha m'ma 1300, linali litatheratu pofika zaka za m'ma 1360.

Mkangano wa lero unayambira pamudzi wa Mappleton. Mu 1991, msewu wa B1242 uli pafupi kugwa, anawononga ndalama zokwana mapaundi pafupifupi 2 miliyoni kuunjika miyala ikuluikulu m'munsi mwa phompho ndi kumanga mipanda iwiri ya miyala yolowera m'nyanja. Ntchito ya mipandayo ndi kugwira mchenga kuti gombe likule, mafunde azithera mphamvu asanafike paphompho. Zinathekadi, mudzi ulipobe.

Koma mchenga wogwidwa pa Mappleton ndi womwewo umene unkayenera kukaphimba gombe la Great Cowden, kummwera pang'ono. Kumeneko gombe linayera, mafunde n'kuyamba kumenya dongo mwachindunji, ndipo minda ndi nyumba za pafamu zinagwera m'madzi. Alimi ati mipandayo ndiyo inawawonongera malo. Ena amayankha kuti malowo ankagumuka ngakhale kale. Onse akunena zoona, koma n'zovuta kukana kuti mpanda wotere umamana mchenga gombe lotsatira.

Kutchinga gombe lonse nakonso sikungathandize, chifukwa Spurn ingasowe mchenga woidyetsa. Ndi yofooka kale: pa 5 Disembala 2013 madzi osefukira anaidula pakhosi n'kukokolola msewu wake. N'chifukwa chake khonsolo ya East Riding of Yorkshire imateteza matauni ngati Bridlington, Hornsea ndi Withernsea, pomwe minda yapakati imasiyidwa kuti nyanja idye. Mwini nyumba imene yagwera m'nyanja salandira chipukuta misozi kuchokera ku boma.